Kusankha ndi kumenyetsa mech ya mizinga mu BattleTech

Mech yoponya mizinga yapatali imaoneka ngati yosavuta kuposa zonse pa tebulo la BattleTech, masewera a nkhondo za ma mech, omwe ndi maloboti akuluakulu oyendetsedwa ndi anthu. Mungoiimika kumbuyo, kuponya madayisi, anzake n'kumamenyana kutsogolo. Koma ndi mech yomweyi imene imafa imfa yochititsa manyazi kwambiri: mizinga yatha nkhondo ili pakati, kapena Jenner, mech yaing'ono yaliwiro, yathamanga ma hex 11 (hex ndi kabokosi ka mbali zisanu ndi imodzi ka pa mapu) n'kudzaima pamsana pake, iyo n'kumangoiyang'ana. Zonsezi zimayambira pa kasankhidwe. Ma mech awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, onse Catapult, koma osiyana kotheratu pa zimene angachite mdani akafika pafupi.

Malangizo ano akutsatira malamulo a masewera a pa mapu a ma hex, ndi zida za Inner Sphere, chigawo cha maufumu akuluakulu m'nkhani ya masewerawa, za m'nyengo ya 3025 ya nkhaniyo. Za zida za m'zaka zotsatira ndizikhudza pang'ono kumapeto.

Choyamba: lowezani manambala a LRM

Osayamba n'kusankha mech. Yambani ndi chida chake, chifukwa nzeru zonse za kamenyedwe zikuchokera pa manambala ochepa awa.

LRM ndi choponyera mizinga yapatali, ndipo nambala ya pa dzina lake, monga LRM-20, ndi kuchuluka kwa mizinga imene imaponya kamodzi. Imafika ma hex 21. Kuyambira pa 1 mpaka 7 ndi mtunda waufupi, 8 mpaka 14 ndi wapakati ndipo mumawonjezera 2 pa nambala imene madayisi awiri ayenera kufika kuti mumenye, 15 mpaka 21 ndi wautali ndipo mumawonjezera 4. Vuto lili pafupi. Mdani akafika pa ma hex 6 mumawonjezera 1, pa 5 mumawonjezera 2, n'kumakwera choncho mpaka 6 akakhala pa hex yoyandikana nanu. Ndiye mukaunika bwino mupeza kuti pa mtunda wonse wa ma hex 21, pali malo amodzi okha pamene LRM ilibe chilango chilichonse: pa ma hex 7 ndendende. Nambala imeneyi musaiiwale ngakhale mutaiwala zina zonse.

Mzinga uliwonse umawononga pointi imodzi. Mukamenya, si mizinga yonse imene imafika. Mumaponyanso madayisi awiri pa tebulo la kuchuluka kwa mizinga. Madayisi akagwa pakati pa 5 ndi 8, zomwe zimachitika kawirikawiri, LRM-20 imafikitsa mizinga 12, LRM-15 imafikitsa 9, LRM-10 imafikitsa 6. Kuti yonse ifike pamafunika 11 kapena 12. Choncho mukamawerengera mphamvu za mech yanu, musamanene kuti ma LRM-20 awiri ndi mapointi 40. Nenani kuti ndi 24 ngati onse amenya. Mapointi amenewonso amagawidwa m'magulu a asanuasanu, gulu lililonse n'kugwera malo akeake pa thupi la mdani. LRM imakokolola chishango paliponse, siiboola malo amodzi ngati mfuti zamphamvu za PPC kapena AC/20.

Tani imodzi ya mizinga ili ndi mizinga 120, kaya choponyera n'chotani. Kwa LRM-20 ndiye kuwombera ka 6, kwa LRM-15 ka 8, kwa LRM-10 ka 12, kwa LRM-5 ka 24. Kutentha kumene chilichonse chimawonjezera mu mech chikawombera: 6, 5, 4 ndi 2 motsatana.

Chachiwiri: funsani pepala la mech mafunso atatu

Mukatenga pepala la mech iliyonse ya mizinga, chitani masamu awa musanaiike pa mapu. Kodi ingawombere ndime (ma turn) zingati ndi zoponyera zonse mizinga isanathe? Kodi ikawombera zonse ikuyenda, kutentha kukwera ndi zingati pa ndime? Nanga mdani akalowa mkati mwa ma hex 5, yatsala ndi chiyani m'manja?

Funso lachitatu ndi limene anthu amalidumpha, pomwe ndi lomwe limasiyanitsa mitundu ya ma mech amenewa.

Chachitatu: yerekezerani mitundu

Tiyambe ndi Catapult, chifukwa ambiri amaipeza m'bokosi loyambira masewerawa. Imalemera matani 65, imayenda ma hex 4, imathamanga 6 ndipo imalumpha 4.

CPLT-C1 ndiyo yodziwika: ma LRM-15 awiri, ma medium laser anayi, ma heat sink 15 (zoziziritsira, chilichonse chimachotsa pointi imodzi ya kutentha pa ndime), chishango cha mapointi 160. Pa kutentha ilibe nkhawa. Zoponyera zonse ziwiri zimapanga 10, ndipo ngakhale italumpha ma hex 4 m'ndime yomweyo zonse pamodzi ndi 14, pansi pa 15. Ma laser anayi aja amapanga 12 ndipo akamenya onse ndi mapointi 20, kutanthauza kuti mech yaing'ono yobwera kudzaisowetsa mtendere iyenera kuganiza kawiri. Chofooka chake ndi mizinga. Ili ndi matani awiri okha, ndiye ndime zisanu ndi zitatu zowombera zoponyera zonse, basi yatha. Pa nkhondo ya ma mech anayi mbali iliyonse, ndime 8 nthawi zambiri zimakwana ngati simukumwaza. Pa nkhondo yaikulu sizikwana.

CPLT-A1 inachotsa ma laser onse n'kuika matani ena awiri a mizinga ndi matani awiri a chishango. Ndime 16 zowombera, chishango cha 192, koma palibe chida china chilichonse. Mdani akaifika pafupi imangotsala ndi mateche ndi kulumpha. Ine sindiitenga pokhapokha ngati mapu ndi aakulu ndipo ndili ndi mech ina yoti izikhala pambali pake nthawi zonse. Taonaninso kuti ma heat sink 15 aja pa A1 ndi ochuluka kuposa ntchito yake. Ikungonyamula kulemera komwe sikuigwiritsa ntchito mokwanira.

CPLT-C4 inapita mbali ina. Ili ndi ma LRM-20 awiri, matani anayi a mizinga, ma small laser awiri, koma ma heat sink 10 okha. Imamenya kwambiri kuposa C1 ndipo imawombera ndime 12, koma ngakhale itaima chilili kutentha kumakwera ndi 2 pa ndime. Ikalumpha ma hex 4 n'kuwombera zonse, kumakwera ndi 6 kamodzi n'kamodzi. Ma small laser awiri aja ndi ongodzitonthoza nawo. C4 ndi mech ya munthu wokonda kubisala kuseri kwa phiri ndi kuwombera mothandizidwa ndi mzondi, nkhani imene tiifika kutsogoloku.

Palinso CPLT-K2 ya ku Draconis Combine, umodzi mwa maufumu a Inner Sphere, ya ma PPC awiri. Dzina ndi Catapult koma mizinga ilibe ndipo siilumpha. Musaitenge poganiza kuti mwapeza mech ya ntchito ino.

Tsopano Archer. Imalemera matani 70, liwiro ndi lofanana ndi la Catapult koma siilumpha. ARC-2R ili ndi ma LRM-20 awiri, matani anayi a mizinga, ma heat sink 10, ma medium laser anayi (awiri m'manja, awiri oloza kumbuyo) ndi chishango cha mapointi 208. Mukaiika pambali pa C4 muona kuti pa mizinga n'chimodzimodzi: zoponyera zofanana, mizinga yofanana, kutentha kofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti C4 imalumpha, pomwe Archer ili ndi chishango chochuluka ndi mapointi 48, ma laser enieni, komanso manja. Nkhonya iliyonse ya Archer ndi mapointi 7, theche ndi 14. Ma laser oloza kumbuyo aja anthu amawanyoza, koma ndi amene amalandira mech yaing'ono yozembera kumsana. Pa mapu athyathyathya kapena a nkhalango zapatalipatali, Archer ikuposa. Pa mapu a mapiri ndi zigwa, kulumpha kwa Catapult kumagula malo abwino amene Archer ingatenge ndime ziwiri kapena zitatu kuti iwafike.

Mitundu ina ya Archer inasinthanitsa mphamvu zapatali ndi zapafupi. ARC-2S inatsitsa zoponyera kukhala LRM-15 n'kuwonjezera ma SRM-4 awiri, zoponyera mizinga yapafupi. Ndi yabwino ngati mukudziwa kuti mdani adzakufikani ndithu, monga pa mapu aang'ono. ARC-2K ili ndi ma LRM-15 awiri ndi ma large laser awiri, ma heat sink 12, ndi chishango chocheperako. Ma large laser awiri okha amapanga kutentha kwa 16, ndiye musalote zowombera zonse pamodzi. ARC-2W ya Wolf's Dragoons, gulu la asilikali aganyu, inasunga ma LRM-20 n'kuwonjezerapo ma SRM-4, koma inalipira ndi chishango, ndipo mech yodzaza mizinga yokhala ndi chishango chopyapyala ine imandidetsa nkhawa.

Ngati mukusewera mowerengera Battle Value, nambala yoyezera mphamvu ya mech imene imakhala ngati mtengo wake, C1 ndi 1,399 pomwe ARC-2R ndi 1,477. Kusiyana n'kochepa, choncho chimene chiyenera kugamula ndi mapu ndi anzake a mu lance (gulu la ma mech anayi), osati mtengo.

Pansi pa zimphona ziwirizi pali ma mech opepukirapo. Trebuchet TBT-5N, ya matani 50, imanyamula ma LRM-15 awiri ngati C1, ndi matani awiri omwewo a mizinga, ndi ma medium laser atatu, koma imayenda 5 n'kuthamanga 8. Chishango chake ndi 120 chokha. Mphamvu yake ili m'miyendo: imatha kusunga mtunda ndi ma mech olemera, imatha kuzungulira n'kukawombera m'mbali. Mukaiimika pamalo amodzi ngati Archer mwataya chimene munaigulira. Dervish DV-6M, ya matani 55, imayenda 5, kuthamanga 8, kulumpha 5, ndi ma LRM-10 awiri. Nkhonya yake ndi yaing'ono koma kuigwira n'kovuta. Vuto lake ndi matani awiri a mizinga ya ma SRM-2, yochuluka kwambiri moti singaimalize pa nkhondo imodzi, ndipo imangokhala bomba lodikira tsiku. Whitworth WTH-1, ya matani 40, ili ndi ma LRM-10 awiri ndi ma medium laser atatu, imalumpha 4, ndipo Battle Value yake ndi 982. Palibe chodzitamira pa Whitworth, koma pa mtengo umenewo imagwira ntchito yake mokhulupirika.

Longbow LGB-0W, ya matani 85, imaponya mizinga 50 kamodzi kuchokera m'ma LRM-20 awiri ndi ma LRM-5 awiri. Pafupi ili ndi small laser imodzi yokha, ndipo chishango chake n'chochepa kuposa cha Catapult ngakhale ikuilemera ndi matani 20. Popanda mlonda, imeneyi ndi mphatso kwa mdani.

Kwa woyamba kumene, ndinganene mosazungulira: tengani CPLT-C1 kapena ARC-2R. Zonse ziwiri zimakhululuka mukalakwitsa mtunda.

Chachinayi: ipezereni malo

Mapu amodzi ndi aafupi kuposa mtunda wa LRM, ndiye ngati mukusewera pa mapu amodzi okha, mech ya mizinga imapeza ndime imodzi kapena ziwiri zowombera bwino mdani asanafike. Pa mapu awiri kapena anayi ndi pamene imapuma. Muganizire zimenezi musanagwirizane za kukula kwa bwalo.

Malo abwino ali ndi zinthu zitatu: mukuona njira imene mdani adzere, mwaima m'nkhalango kapena kuseri kwa chitunda chobisa miyendo, ndipo muli ndi kothawira. Nkhalango yopepuka imawonjezera 1 kwa wokuwomberani, yowirira imawonjezera 2, pomwe nkhalango ya mu hex imene mwaimamo siisokoneza kuwombera kwanu. Ichi n'chifukwa chake hex ya nkhalango yowirira pamwamba pa phiri anthu amailimbirana. Fikanipo msanga, ngakhale zitatanthauza kuthamanga ndime yoyamba osawombera bwino. Mukafika imani. Kuyenda kumawonjezera 1 pa nambala yanu, kuthamanga 2, kulumpha 3, ndipo mech ya liwiro la 4 ikayenda siipezapo chitetezo chochuluka. Archer yoima m'nkhalango yowirira ndi yovuta kumenya kuposa Archer yoyenda ma hex 4 poyera, komanso imawombera bwino kuposa iyo.

Musabwerere mpaka m'mphepete mwa mapu. Anthu amachita zimenezi poganiza kuti kutali ndi kotetezeka, koma zotsatira zake n'zakuti amawombera pa mtunda wautali ndi chilango cha 4, kenako mdani akabwera alibe kobwerera. Mtunda wogwirira ntchito ndi pakati pa 7 ndi 14. Ikani ma mech anu omenya pafupi patsogolo panu ndi ma hex anayi kapena asanu, kuti mdani amene akulimbana nawo akhale pa mtunda wa 7 kufika 10 kuchokera kwa inu.

Ngati muli ndi ma mech awiri a mizinga, musawagundanitse. Asiyanitseni ndi ma hex 7 kapena 8. Mdani amene walowa pansi pa mizinga ya woyamba amapezeka ali pa mtunda wokoma wa wachiwiri, nthawi zina atamupatsanso msana. Njira imeneyi ndi yakale ndipo imagwirabe ntchito.

Pa dongosolo la kasunthidwe, mech ya mizinga yomwe ili pamalo otetezeka ndi imene mumaisuntha poyamba, kapena kungonena kuti yaima, kuti ma mech anu othamanga adzasunthe pomaliza ataona zimene mdani wachita. Zimasintha pamene mech yaing'ono ya mdani yafika pa mtunda woti ingakudumphireni kumsana. Apo sungani mech yanu ya mizinga, kapena mlonda wake, mpaka kamdani kaja kasunthe.

Chachisanu: werengani nambala musanawombere

Nambala yofunika ndi kuphatikiza luso la wowombera (nthawi zambiri 4), kayendedwe kanu, kayendedwe ka mdani, zotchinga monga nkhalango, ndi mtunda. Mdani akayenda ma hex 3 kapena 4 amawonjezera 1, 5 kapena 6 amawonjezera 2, 7 mpaka 9 amawonjezera 3, 10 mpaka 17 amawonjezera 4, ndipo akalumpha amawonjezeranso 1.

Tiyese. Archer yanu yaima. Mdani wayenda ma hex 5, waima m'nkhalango yopepuka, pa mtunda wa 12. Ndiye 4, kuwonjezera 2, kuwonjezera 1, kuwonjezera 2: nambala ndi 9. Ndi madayisi awiri, mwayi wopeza 9 kapena kuposa ndi 10 mwa 36, pafupifupi 28 peresenti. Mdani yemweyo ali poyera pa mtunda wa 7, nambala ndi 6, mwayi ndi 72 peresenti. Mizinga yomweyo, kutentha komweko, koma phindu ndi loposa kawiri ndi theka.

Nayi mipata yonse imene muyenera kuidziwa: 7 ndi 58 peresenti, 8 ndi 42, 9 ndi 28, 10 ndi 17, 11 ndi 8, 12 ndi 3. Lamulo langa ndi ili. Ndi mech ya ndime 8 monga C1 kapena Trebuchet, ndimawombera zonse pa 8 kutsika, choponyera chimodzi pa 9, ndipo pa 10 kupita m'mwamba ndimasunga, pokhapokha ngati mdaniyo watsala pang'ono kugwa kapena nkhondo ikutha. Ndi mech ya ndime 12 kapena kuposa mukhoza kumasuka, kuwombera pa 9 ndi pa 10 pomwe, chifukwa mizinga yotsala m'mimba nkhondo itatha siinakuthandizeni kanthu.

Musataye mizinga pa mech yaing'ono yothamanga ngati Locust. Sankhani mdani wolemera, woyenda pang'onopang'ono, makamaka amene waima kuti awombere bwino. Ndipo ma mech anu onse a mizinga aloze mdani mmodzi. Mech ikalandira mapointi 20 kapena kuposa m'gawo limodzi lowomberana, woyendetsa amayenera kuponya madayisi kuti isagwe. Ikagwa imavulalanso, ndipo ndime yotsatira imataya mayendedwe podzuka. Dziwani chabe kuti mech yogona pansi imawonjezera 1 kwa wowombera ali patali.

Za kutentha, ARC-2R ndi C4 zimafuna kayimbidwe kake. Pa 5 mumataya hex imodzi ya liwiro, pa 8 mumawonjezera 1 pa kuwombera konse. Mutaima, kuwombera zoponyera zonse kumapereka 2, kenako 4. Ndime yachitatu womberani choponyera chimodzi ndipo mubwerera pa 0. Ziwiri, ziwiri, chimodzi. Ngati nambala ndi zokoma ndipo simukufuna kusuntha, pitirizani mpaka 6, popeza liwiro simukuligwiritsa ntchito, koma musadutse 7. Chisankheni bwino ndime yozizira: ikhale imene nambala zaipa kale.

Chachisanu ndi chimodzi: kuwombera mdani amene simukumuona

Apa ndi pamene LRM imachita zimene zida zina sizingathe. Ngati mech yanu siikumuona mdani koma mnzake akumuona, mnzakeyo amakhala mzondi ndipo mizinga imadutsa pamwamba pa phiri. Mtunda umawerengedwa kuchokera kwa wowombera. Nkhalango zotchinga zimawerengedwa kuchokera kwa mzondi. Mumawonjezera 1 chifukwa cha kawomberedwe kameneka, kenako mumawonjezeranso kayendedwe ka mzondi, ndipo ngati mzondiyo akuwomberanso yekha m'ndime yomweyo mumawonjezera 1 wina, amenenso amagwera pa kuwombera kwake.

Kayendedwe ka mzondi ndi kamene kamawononga masamu a anthu ambiri. Tengani Catapult yoima kuseri kwa phiri, mdani wayenda ma hex 4, mtunda ndi 10. Luso 4, kuwombera mosaona 1, kayendedwe ka mdani 1, mtunda 2: tafika pa 8. Ngati mzondi waima, nambala ikhala 8 yomweyo, 42 peresenti. Ngati wathamanga, 10, 17 peresenti. Ngati walumpha, 11. Choncho mech yaing'ono yolumphalumpha ngati Spider, ngakhale ndi yovuta kupha, ndi mzondi woipa. Mzondi wabwino ndi amene angathe kuima osafa: mech yaing'ono yobisala m'nkhalango yowirira patali kwambiri, popeza kuona kulibe malire a mtunda, kapena mech yolemera yomwe yaima kale pa mzere wakutsogolo. Asilikali oyenda pansi, ngati mukusewera nawo, ndi azondi abwino kuposa onse chifukwa kayendedwe kawo sikawonjezera kanthu ndipo ndi otchipa.

Musakonde kubisala mopitirira. Archer ili ndi chishango cha 208, ndipo ikakhala kuseri kwa phiri nkhondo yonse, zipolopolo zonse za mdani zikugwera anzake atatu. Chishango chimenecho munachilipira. Nthawi zina tulukirani poyera kuti mdani agawe mkwiyo wake. Kuwombera mosaona n'kwa C4, A1 ndi Longbow, kapena kwa mech iliyonse yomwe yavulala kale ndipo ikufuna kupitiriza kuthandiza.

Chachisanu ndi chiwiri: mizinga ibwere pambuyo pa zida zoboola

Osewera amalengeza kaye zida zonse zimene awombere, kenako n'kuyamba kuponya madayisi. Poponya madayisiwo, yambani ndi PPC, ma large laser ndi ma autocannon a lance yanu, mizinga imalize. Chifukwa chake n'chakuti gulu lililonse la mapointi asanu limaponyeredwa malo akeake. Ma LRM-20 awiri akamenya bwino ndi magulu asanu ndi limodzi, kutanthauza mipata isanu ndi umodzi yogwera pa bowo limene PPC yatsegula. Pointi imodzi yokha ikalowa mkati mwa chishango, mumaponya madayisi a kuwonongeka kwa ziwalo: 8 kapena 9 ndi chiwalo chimodzi, 10 kapena 11 ziwiri, 12 zitatu kapena mkono kuduka. Komanso kuponya kulikonse kwa malo kuli ndi mwayi wa 12, womwe ndi mutu, ndipo mutu ukagundidwa woyendetsa amavulala ngakhale chishango chisanabooke.

N'chifukwa chake lance ya ma mech anayi onse a mizinga imakhumudwitsa. Imasenda mdani paliponse koma osamugwetsa msanga. Awiri a mizinga ndi awiri oboola ndiye kaphatikizidwe kamene kamapha.

Mdani akalowa mkati

Adzalowa ndithu, ndiye dziwiranitu pamene muyenera kusintha chida. Medium laser ili pa mtunda waufupi mpaka ma hex 3, wapakati mpaka 6, wautali mpaka 9. Pa ma hex 6, LRM ili ndi chilango cha 1 pomwe laser ili ndi 2. Mizinga ikadali yabwino. Pa 5 zonse zili ndi 2. Pa 4, LRM yafika pa 3, laser ikadali pa 2. Pa 3, LRM ili pa 4 pomwe laser ilibe chilango. Choncho musachite mantha mdani akangoponda pa hex ya 6. Malire enieni ali pakati pa 5 ndi 4. Kwa C1, pa mtunda wa 5 kapena 6 mungathe kuwombera choponyera chimodzi ndi ma laser atatu, kutentha 14, mutaima kapena mukuyenda osapitirira 15.

Kubwerera chammbuyo kumatheka poyenda pokha, osati pothamanga, ndipo simungakwere kapena kutsika chitunda chammbuyo. Archer yobwerera ma hex 4 singathawe mech yothamanga 8, ndiye kawirikawiri n'kwabwino kuima, kutembenuzira chifuwa kwa mdani, n'kumulandira ndi ma laser ndi theche. Kumbukirani kuti dzanja limene lawombera laser silingamenye nkhonya m'ndime yomweyo. Catapult ili ndi njira zina: kulumphira kuseri kwa phiri kapena kwa mlonda wake, komanso, popeza mikono yake ilibe zigongono ndi zikhatho, imatha kuitembenuza n'kuponya mizinga chakumbuyo.

Chinthu chomaliza choyang'anira ndi mizinga ya m'mimba mwanu. Tani yodzaza ikaphulika ndi mapointi 120 olowera mkati, ndipo pa ma mech a 3025 imeneyo ndi imfa. Chishango cha mbali ya chifuwa imene muli mizinga chikatha, tembenuzirani mbali inayo kwa mdani, yambani kugwiritsa ntchito mizinga ya mbali yobooka kuti ithe msanga, kapena itayeni ngati mwapeza mpata. Kutaya kumatenga ndime yathunthu, simungathamange kapena kulumpha, ndipo kumenyedwa kumsana pa nthawiyo kumaiphulitsa. Kutentha kukafika 19 mizinga imayamba kuopseza kuphulika yokha, koma mukafika kumeneko ndiye kuti zalakwika kale kwina.

Mukasamukira m'nyengo ya 3050, masamu ena amasintha. Artemis IV, chida cholondolera mizinga, imawonjezera 2 pa madayisi a kuchuluka kwa mizinga, koma imagwira pokhapokha mukumuona mdani ndipo ECM, chida cha mdani chosokoneza zamagetsi, imaitseka. AMS ya mdani, chida chowombera mizinga ikubwera, imachotsa 4 pa madayisi omwewo. CASE, chotchingira malo osungira mizinga, imatha kupulumutsa mech mizinga ikaphulika, ngakhale mbali ya chifuwayo imapita. Ndipo ma LRM a ma Clan, adani a Inner Sphere, alibe chilango chapafupi, kotero kuthamangira pansi pa mizinga ya Mad Dog kapena Timber Wolf, monga mungachitire ndi Archer, n'kudzipereka nokha pa mtunda wake waufupi.